Njira Yokhota ya Atsibweni a Wedisoni

Mpunga umene tinadya tsiku lomanga chiliza cha atsibweni a Wedisoni tinachita kugula. Ndayamba ndi zimenezi kuti onse amene anatamanda kafungo kake adziwe kuti anatamanda munda wathu, kapena nditi munda umene unali wathu. Amene anatigulitsa sanatichotsereko mtengo, ndipo ife sitinawapemphe.

A Wedisoni anali mlongo wawo wa amayi anga, mwinimbumba wathu kuno kwa Mkhumba. Pa maliro awo abusa ananena kuti anali munthu wolimba mtima. Tonse tinawerama, pakuti bodza la pa maliro salitsutsa. Zoona zake n'zakuti m'boma lonse la Phalombe simunabadwe munthu wamantha ngati iwo. Ankaopa njoka, ankaopa jakisoni, ankaopa galimoto iliyonse yoyera yokhala ndi zilembo pa chitseko. Matipate atabwera, anthu n'kumang'amba makhadi a chipani chakale, iwo lawo analisunga m'Baibulo, kuti mwina zinthu zingatembenuke. Zipewa za zipani zatsopano anali nazo zonse, ndipo ankayamba amvetsera nyimbo ya galimoto imene ikubwera asanasankhe choti avale.

Koma chimene ankaopa kuposa zonse ndi mtambo ukakhala pa phiri la Michesi. Chaka cha napolo uja iwo anali ku Phalombe komweko, atapita kukagula tcheni cha njinga. Anabwera ali matope mpaka m'chiuno, opanda tcheni, ndipo zimene anaona sanauze munthu mpaka kufa. Kuyambira pamenepo, mtambo ukangoda kuphiriko ankavala nsapato, kutulutsa njinga, kuiyang'anitsa mbali yothawira, kenako n'kuyamba kuzungulira nyumba za mbumba yonse kuwerenga ana. Tinkawaseka. Komabe tinkagona tulo tabwino podziwa kuti alipo wina amene akutiopera tonse.

Ntchito yawo yeniyeni inali unkhoswe. Maukwati a mbumba yathu onse ankadzera m'manja mwawo, ndipo mabanja ena ankachita kuwabwereka. Munthu wamantha amakhala nkhoswe yabwino, chifukwa ndewu amaiona idakali kutali. Ankati mkazi akanena kuti banja latha, chifukwa chimene watchula poyamba chimakhala cha anthu omvera, chenicheni chimatsala m'mimba. Ankatinso pakamwa pamaphunzira kunama mwana adakali wamng'ono, koma mapazi saphunzira. Choncho akapita kukaweruza banja sankayang'ana nkhope. Ankayang'ana kumene mkazi sakuponda. Ngati akuzungulira nkhokwe, nkhani ndi ya chakudya. Ngati akupewa khomo la apongozi, basi mlandu wapezeka.

Ine ndilowemo pang'ono pokha. Ndinapitako ku yunivesite ya boma, ndipo akuluakulu a kumeneko ataona mayeso anga anagwirizana kuti dziko likundifuna msanga kumudzi. Ophunzira amati kuwididwa, kutanthauza kuzulidwa ngati udzu wa m'munda. Nditafika ndi chikwama changa, atsibweni sanandikalipire. Anangondifunsa motsitsa mawu ngati boma lidzabwera kudzalonjerera chakudya chimene ndinadya kumeneko. Kuchokera tsiku limenelo ndinakhala katswiri wa banja pa nkhani za maphunziro apamwamba, monga mmene munthu wolumidwa ndi ng'ona amakhalira katswiri wa mtsinje.

Mlongo wanga Estere ndiye anali mutu weniweni wa m'nyumba mwathu. Anasankhidwa kupita ku yunivesite yomweyo, ndipo anamaliza chaka choyamba popanda wina womuzula. Chaka chachiwiri chili mkati, sukulu inatsekedwa chifukwa cha zionetsero, monga zinkachitikira kawirikawiri masiku amenewo. Anabwera kumudzi ataonda, wosalankhulalankhula. Titamva pa wailesi kuti sukulu ikutsegulidwa, iye anakagwada kwa atsibweni n'kunena kuti sabwererako. Akufuna apite ku yunivesite yolipira, imodzi mwa zija za mipingo zimene zinali zitangoyamba kumene. Chifukwa chake anati watopa ndi kutsekatseka, watopa ndi utsi wokhetsa misozi, ndipo pa liwiro limeneli adzamaliza ali ndi imvi.

Mumvetse kulemera kwa nkhaniyi. Ku boma ankagona, kudya ndi kuphunzira pa kandalama koti nandolo wa chaka chimodzi ankakwanitsa. Ku yolipirako, fizi ya miyezi yowerengeka inali ngati kugula ng'ombe, kenako miyezi ina ikatha mugulenso ina, mpaka zaka zinayi. Ife ng'ombe tinalibe. Chimene tinali nacho ndi munda wa mpunga kudambo la nyanja ya Chilwa, umene unachokera kwa agogo athu aakazi. Munda umenewo ndiwo unkatipatsa feteleza wa chimanga, ndiwo unkaika maliro, ndiwo unkatidyetsa chinangwa chikakana. Mwa mwambo wathu unali wa akazi a mbumba. Atsibweni anali mlonda chabe.

Anandiitana kuti ndipereke umboni wa ukatswiri, ndipo ndinaupereka mosabisa. Ndinati malo a ku boma ukawasiya sabwerera, alipo ambiri amene akuwadikira. Ndinati kwatsopanoko akhoza kukana zaka zimene waphunzira kale, ayambirenso pansi. Ndinati sitikudziwa ngati olemba ntchito adzalilemekeza pepala la sukulu imene utoto wake sunaume. Ndipo ndalama zikadzathera pakati, adzakhala wopanda uku, wopanda uko, wopanda munda, ndiye kuti banja lidzakhala ndi akatswiri awiri. Atsibweni ankangogwedeza mutu, thukuta likutsika m'khosi. Ndikuganiza kuti palibe tsiku lina limene munthu anandimvetsera ngati limenelo, ndipo sindinasangalale nalo.

Nkhaniyi inawadwalitsa. Ankati akaganiza zomusiya ku boma, tulo timawathawa, akaganiza zomuchotsa, mutu umawawawa. Maganizo awo oyamba anali oti akhale komweko. Ankati za boma zili ngati nyanja ya Chilwa, imaphwa mpaka anthu kuyendamo pa njinga, koma ukadekha madzi amabwerera ndi matemba omwe. Zolipira ndiye ndi golosale, tsiku limene ulibe kanthu mwini wake sakudziwa.

Amayi anamva mphekesera yoti munda ukutchulidwa, ndipo sanadikire kuitanidwa. Anawapeza achimwene awowo akupopa njinga.

"Achimwene, mundawo mukaupereka mudzatiphikira digiri?"

Atsibweni anayankha kuti palibe akugulitsa, ngati zingavute ndi pinyolo chabe, munthu alimepo zaka zingapo kenako tiuwombole. Amayi anati iwo chibadwire sanaonepo munda wa pinyolo ukubwerera wokha kwawo. Anawakumbutsanso kuti ana a iwo a Wedisoni ali ndi minda kwa amayi awo, choncho njala ikadzabwera sidzagogoda kwa iwo. Mawu amenewo anawalasa. Anasiyana osatsanzikana, ndipo kwa masabata angapo ankatumizirana moni kudzera mwa ine, ngakhale nyumba zawo zinali zoyang'anana.

Apa m'pamene unkhoswe unawadzukira. Anati banja silitha pomva mbali imodzi, ndipo mwana sachotsedwa pa khomo la eni popanda nkhoswe kukaonako. Ndinayesa kuwafotokozera kuti yunivesite si apongozi. Anandifunsa ngati Estere amagona kumeneko, amadya kumeneko, ndiponso ngati akalakwa amamulanga kumeneko. Nditavomera zonse anati ndiye ndi apongozi. Anavala jekete lawo la maliro, namanga kathumba ka mpunga wa m'munda womwewo, pakuti kwa apongozi sapita chimanjamanja. Kwa Estere ananena kuti akungomuperekeza kukatenga katundu wake. Ine ananditenga ngati womasulira chizungu. M'minibasi anakhala pafupi ndi chitseko, maso ali pa dzanja la dalaivala ulendo wonse.

Titafika anauza Estere kuti awaonetse pogona pake, podyera ndi pophunzirira. Iye anatsogola, iwo pambuyo, kathumba kali kukhwapa, maso ali pansi. Nyumba zosanja zija sanaziyang'ane n'komwe. Pochoka ku nyumba ya mabuku kupita ku makalasi pali khonde lalitali la mthunzi limene aliyense amadutsamo. Estere sanalowemo. Anazungulira kunja, padzuwa, kudzera kumbuyo kumene amataya zinyalala. Pobwerera anachitanso chimodzimodzi. Atsibweni anandikoka malaya n'kundifunsa chimene chili m'khondemo. Ndinati ndi maofesi a aphunzitsi.

Anatikhazika pansi pa mtengo. Za kutsekatseka sanafunse, za utsi sanafunse.

"Iwe Estere, khomo lake ndi liti?"

Estere anayang'ana ine, kenako anayang'ana manja ake. Anati ndi la kumapeto. Zina zonse zinatuluka pang'onopang'ono, mawu ali pansi. Mphunzitsi wa m'khomo limenelo anamuuza kuti phunziro lake sadzakhoza mpaka atakamuchezera kunyumba. Estere atakana, mayeso amene ankadziwa kuti analemba bwino anabwera atalephera. Akadzalepheranso kachiwiri, ndiye kuti njira yake ndi ya achimwene akewa. Za kukanena kwa akuluakulu anati anaziganizira, koma anaona mnzake wina amene anakanena, ndipo amene anatsogola kupita kwawo anali mnzakeyo.

Atsibweni anaimirira, natenga kathumba kaja, n'kulowa m'khonde lija. Ndinawatsatira. Ankayenda ngati munthu amene akuwoloka mtsinje wodzaza, ndipo ndinkawamva akubwereza monong'ona mawu amene akanene. Anali mawu abwino. Munali zoti mwanayu ali ndi eni ake, munali zoti Mulungu amaona. Pa khomo la kumapeto anagogoda mofewa kwambiri, ndikhulupirira kuti ankapemphera kuti musakhale munthu. Mawu anachokera mkati otiuza kuti tilowe.

Anali bambo waulemu, wa tayi, wonunkhira sopo. Anaimirira n'kutipatsa mipando. Atsibweni anavula chipewa. Anapereka moni. Anafunsa za kunyumba. Anafunsa ngati mvula inagwa bwino kwawo kwa bamboyo. Bamboyo anayankha zonse mosangalala, kenako anafunsa chimene angatithandize.

"Ndine atsibweni ake a Estere. Ndimati ndingokuonani."

Nkhope ya bamboyo sinasinthe. Anati Estere akumudziwa, ndi mwana wanzeru, akungofunika kulimbikira pang'ono. Atsibweni anatsegula pakamwa, koma mawu abwino aja sanabwere. Manja ndiwo anachita zimene anazolowera kuchita pa makomo onse a apongozi. Anatenga kathumba ka mpunga, nakaika pa tebulo ndi manja awiri, n'kuwomba m'manja pang'ono. Bamboyo anathokoza kwambiri. Anati mpunga wa ku Chilwa ndi wabwino kuposa wina uliwonse.

Titatuluka atsibweni anagwira khoma ndi dzanja limodzi, akupuma ngati athamanga.

"Ndampatsa mpunga," anatero.

Tinabwerera pa minibasi n'kutsika pa Chiringa. Katundu wa Estere tinali titamutenga yense.

Kumudzi anthu anauzidwa chifukwa chija cha anthu omvera, cha kutsekatseka. Chenicheni atsibweni anakawauza amayi okha, m'nyumba, chitseko chitatsekedwa. M'mawa mwake amayi anakwera njinga kupita kunyanja, nakaima m'mundamo nthawi yaitali, kenako anabwera kudzanena kuti achimwene achite zimene aganiza. Anavomera koma sanakhululuke, ndipo kwathu kuno zinthu ziwirizi zimakhalira limodzi bwinobwino m'nyumba imodzi.

Munda anautenga a Bizwiki, ogula mbewu pa Chiringa. Pangano linali loti iwo azilima mundawo ndi kulipira fizi ya Estere mpaka amalize, kenako atipatsa nyengo ziwiri zokolola kuti tibweze. Tikalephera, munda ndi wawo. Ku sukulu yatsopano ananena zimene katswiri analosera, zaka zakale sanaziwerengere, Estere anayambiranso chaka choyamba pamodzi ndi ana ochoka ku sekondale.

Zaka zinayi zimenezo atsibweni sanakhalepo ndi tsiku lopanda mantha. Michesi anapeza anzake. Ankaopa kuti sukuluyo itsekedwa abusa ake akakangana. Ankaopa kuti nyanja iphwa, a Bizwiki asiye kulipira. Koposa zonse ankaopa kuti a Bizwikiwo afa. Akamva kuti akutsokomola, ankapalasa njinga mpaka pa Chiringa ndi mandimu. Ankawaletsa kukwera pamwamba pa matumba m'lole. Banja la a Bizwiki litayamba kugwedezeka chifukwa cha mayi wina wogulitsa nsomba za makumba, atsibweni analowererapo osaitanidwa, osalandira ngakhale nkhuku, podziwa kuti banja likatha katundu agawanidwa ndipo fizi idzasowa mwini. Mayi Bizwiki mpaka lero amati a Wedisoni anali mngelo. Mngeloyo ankangoteteza sukulu ya mlongo wanga.

Nthawi iliyonse Estere akabwera ku tchuthi, ankamutuma kuti awaperekeze kumsika, iwo pambuyo, maso ali pa mapazi ake. Kamodzi anapita okha ku sukulu yatsopanoyo, osanena, opanda kathumba. Atabwera anati mwana akudutsa makonde onse.

Ku mwambo wolandira digiri anakana kupita. Anati achibale akachuluka akuluakulu angayambe kuyang'anitsitsa mapepala n'kupeza cholakwika. Estere atabwera nalo pepalalo, anasamba m'manja asanaligwire, kenako anandifunsa pambali ngati boma likulidziwa. Ntchito inachedwa kupezeka. Olemba ntchito ena ankachitadi kufunsa kuti sukuluyo ili kuti. Pamene Estere ankalandira malipiro ake oyamba ku ofesi ina ya zaulimi, nyengo ziwiri zija zinali zitadutsa kale. Amayi anawatuma achimwene awo kuti akachonderere a Bizwiki atiwonjezere nthawi. Anapita. Anapereka moni, anafunsa za kunyumba, anafunsa za chifuwa chija, n'kubwerako. Munda unapita choncho.

Chiyambire ulendo wa ku yunivesite uja atsibweni mpunga sanaudyenso. Pa ukwati, pa Khirisimasi, ankapempha chinangwa kapena nyemba za kalongonda, akuti mpunga umawatupitsa m'mimba. Amayi ankati ndi manyazi a munda. Mwina n'zoona. Ine amene ndinaona kathumba kaja kakutera pa tebulo ndili ndi maganizo anga.

Atsibweni atadwala matenda omaliza, Estere anabwera kudzawaona ku chipatala cha mishoni. Anawauza kuti akusunga ndalama, adzagula munda wina kudambo komweko. Iwo anati agule, koma ukhale wa akazi ngati woyamba uja. Estere anawafunsa ngati amanong'oneza bondo. Iwo anayankha ndi funso.

"Kodi bambo uja akadali pa khomo lija?"

Estere anati wamva kuti akadalipo, ndipo anakwezedwa.

"Ndiye kuti ana a eni ake akuzungulirabe padzuwa."

Anatembenukira kukhoma. Anamwalira sabata yomweyo, tsiku lopanda mtambo ngakhale umodzi, zimene ndikuganiza kuti anachita kusankha.

Munda watsopano sunagulidwebe, mitengo ya malo kudamboko ikuthamanga kuposa malipiro a Estere. Chiliza ndiye anamanga iyeyo, cha matailosi, ndipo mpunga wa tsikulo anagula ndi iyeyo kwa a Bizwiki, atanenetsa kuti ukhale wochokera m'munda uja. Iye mwini sanaudye. Amayi anadya mbale yonse, misozi ikugweramo.

Sabata yatha ndinapita kunyanja kukagula matemba. Njira yopita kudooko imadutsa m'mphepete mwenimweni mwa munda uja, pa kamtunda kouma kamene aliyense amapalasapo njinga. Atsibweni chichokere mundawo sanadutsepo. Akafika pa chulu chimene chili munda usanayambe, ankatsika njinga n'kukhotera kumanzere, m'bango, m'madzi ofika m'akakolo momwe muli misundu ndi njoka, munthu amene ankathawa chingwe chogona pansi. Ankakatulukira kutsogolo, munda uli kumbuyo. Anapitamo kambirimbiri mpaka panachita kanjira, ndipo asodzi ankakatchula kuti kwa a Wedisoni, ngakhale palibe wina ankakagwiritsa ntchito.

Ndinaima pa chulupo kufunafuna polowera pake. Bango labwerera. Pangotsala kampata kakang'ono koti ukadziwa ndiye ungakaone, ndipo mkati mwake madzi adekha, mulibe phazi la munthu. Kudzanja lamanja mpunga wa a Bizwiki unali utacha bwino, mbalame zikuuzungulira. Kumbuyo kwanga mtambo unali utayamba kukhala pa Michesi, wakuda ndithu, ndipo kumudzi kunalibe amene anatulutsa njinga.